Batani kapena linki? Mmene mungasankhire zodina patsamba kuti aliyense athe kuzigwiritsa ntchito

Patsamba la pa intaneti pamakhala zinthu zongowerenga, ndiye pamakhalanso zinthu zimene munthu amayenera kudina, kusankha, kutsegula kapena kulembamo. Malangizowa ndi a zinthu zachiwirizi, chifukwa m'pamene anthu osaona, anthu amene manja awo amanjenjemera, ndi anthu amene amayendetsa kompyuta ndi kiyibodi yokha amakakamira. Nkhani yosanjidwa molakwika munthu amatha kuimvabe movutikira. Koma batani limene sangalifikire limamutsekera njira yonse: fomu satumiza, ndalama salipira, kosi salembetsa.

Kuti tisamalankhule m'malere, titenge tsamba limodzi n'kumayenda nalo. Ndi fomu yolembetsera kosi. Ikufunsa dzina, nambala ya foni, boma limene munthu akukhala ndi njira yolipirira. Pamwamba pali menyu, pansi pali mafunso amene anthu amakonda kufunsa.

Choyamba, dzifunseni kuti munthu akadina chichitike n'chiyani

Ngati kudinako kukumupititsa kwina, kaya patsamba lina, pamalo ena patsamba lomwelo, kapena ku fayilo ya PDF, imeneyo ndi linki ndipo mulembe `<a href="...">`. Ngati kukuchititsa chinachake pompopompo, monga kutumiza fomu, kutsegula menyu, kuchotsa katundu m'basiketi kapena kuyambitsa vidiyo, limenelo ndi batani ndipo mulembe `<button>`.

Maonekedwe asakupusitseni. Chinthu chachikulu chobiriwira cholembedwa kuti "Lembetsani pano" chikhoza kuoneka ngati batani, koma ngati ntchito yake ndi kungomutengera munthu ku tsamba la fomu, ndi linki. Chikongoletseni ndi CSS mmene mungafunire, bola mkati chikhale `<a>`. Chimodzimodzinso timawu tabuluu takuti "Fufutani" timene tikuchotsa dzina pamndandanda: ndi batani, ngakhale tikuoneka ngati linki.

Kusiyanaku kuli ndi ntchito. Linki imatseguka ndi kiyi ya Enter, pomwe batani limamva Enter komanso Space. Linki munthu akhoza kuitsegula mu tabu ina, kuikopera n'kuitumiza kwa mnzake pa WhatsApp, kapena kuisindikiza kwakanthawi pafoni kuti aone kumene ikupita. Screen reader, pulogalamu imene imawerengera munthu wosaona zimene zili pasikirini, imatchula chinthu chilichonse pamodzi ndi mtundu wake, ndipo munthuyo amadumphadumpha potengera mtunduwo. Mu NVDA, screen reader ya pa Windows, kiyi ya K imamupititsa pa linki yotsatira, B pa batani lotsatira, E pa malo olembamo otsatira. Akamaliza kudzaza fomu amadina B kufunafuna batani lotumizira. Ngati munalipanga ngati linki, amalidutsa osadziwa.

Palinso phindu lina limene ife ogwiritsa ntchito netiweki yodukaduka tiyenera kuliganizira. Linki yeniyeni imagwira ntchito ngakhale fayilo ya JavaScript italephera kufika. Chinthu chodalira `onclick` chimangokhala duu mpaka JavaScript yonse itatsika.

Samalani ndi misampha iwiri. `<a>` wopanda `href` si linki. Kiyi ya Tab imamudumpha ngati kulibe. Kumuika `href="#"` n'kumangirirapo JavaScript sikukonza kanthu, kumangosonyeza kuti mumafuna batani. Msampha wachiwiri ndi wakuti `<button>` aliyense amene ali mkati mwa `<form>` amatumiza fomuyo pokhapokha mutanena kuti ayi. Choncho batani loonetsa pasiwedi, kapena lowonjezera mzere wina, lilembedwe `type="button"`, apo ayi munthu adzatumiza fomu yosamaliza.

Chachiwiri, musapange batani ndi div

Ili ndi vuto lofala kwambiri, makamaka m'makodi a React ndi ena otero, kumene kulemba `<div onClick>` kumabwera msanga m'zala. Div yopakidwa utoto wa batani ili ngati chitseko chojambulidwa pakhoma: woona patali amakhulupirira, koma wofika n'kupapasa sapeza chogwirira. Browser siidziwa kuti ndi chodina, choncho Tab siima pamenepo, Enter sachita kanthu, ndipo screen reader imawerenga ngati mawu wamba.

Ena amati aikonza. Tiyeni tione ntchito yake. Muyenera kuika `tabindex="0"` kuti kiyibodi ifikepo. Muyenera kuika `role="button"` kuti screen reader inene kuti ndi batani. Muyenera kulemba kodi yomvera Enter, ina yomvera Space, ndi kuletsa Space kutsitsa tsamba monga amachitira nthawi zonse. Kenako muganizire mmene lizioneka likazimitsidwa, ndi mmene lizionekera kwa munthu amene wayatsa mitundu yowala kwambiri ya Windows. Zonsezi `<button>` amabwera nazo kale, zoyesedwa m'ma browser onse, popanda inu kulemba mzere ndi umodzi womwe.

Chodandaula chenicheni cha anthu chimakhala chakuti batani la browser ndi lonyansa, lotuwa, la m'mbali mokhuthala. Zimenezo zimatha ndi mizere itatu ya CSS: `background: none`, `border: 0` ndi `font: inherit`. Koma chenjerani ndi `all: unset`, chifukwa amafufutanso mzere umene umasonyeza pamene kiyibodi yaima, ndiye muyenera kuubwezera nokha.

Nanga khadi lonse la kosi, lokhala ndi chithunzi, mutu ndi kufotokoza, limene mukufuna kuti lidinike paliponse? Musakulunge zonsezo mu div yodinika, ndipo musazikulungenso zonse mu linki imodzi, chifukwa screen reader idzawerenga ndime yonse ngati dzina la linki. Ikani linki pamutu wokha, ndiye muitambasule ndi `::after` wokhala ndi `position: absolute` ndi `inset: 0`, khadilo litapatsidwa `position: relative`. Wa mausi adzadina paliponse, wa screen reader adzamva mutu wokha.

Chachitatu, chilichonse chodina chikhale ndi dzina

Batani la kachizindikiro kokha, monga timizere titatu ta menyu, galasi lofufuzira, kapena X wotsekera, likakhala lopanda mawu screen reader imangoti "button" basi. Liikeni `aria-label="Tsekani"`, kapena mawu obisika ndi CSS amene amawerengekabe. Chabwino koposa ndi mawu ooneka pambali pa chizindikirocho, chifukwa si onse amene amadziwa kuti timizere titatu ndi menyu. Agogo amene angoyamba kumene kugwira foni ya Android sadziwa.

Ngati batani lili kale ndi mawu ooneka, musaliikenso `aria-label` wonena zina. Pali anthu amene amalamula foni kapena kompyuta ndi mawu, ndipo amatchula zimene akuona. Batani likaoneka kuti "Tumizani" koma mkati mwalitcha dzina lina, pulogalamuyo siilipeza.

Malinki khumi onse olembedwa "Werengani zambiri" ndi vuto lina. Wogwiritsa ntchito NVDA akadina Insert ndi F7 amaona mndandanda wa malinki onse patsamba, popanda ndime zowazungulira. Aliyense anene kumene akupita: "Zambiri za kosi ya ukalipentala". Ndipo poti tikulemba m'Chichewa, ikani `lang="ny"` pa `<html>`; imeneyo ndiyo kodi ya chilankhulo chathu.

Chachinayi, malo olembamo

Malo aliwonse olembamo akhale ndi `<label>` wake, womangirizidwa ndi `for` ndi `id` ofanana. Mukatero, kudina pa mawuwo kumalowetsa munthu m'bokosimo, zimene zimathandiza kwambiri pa timabokosi tating'ono. `placeholder`, mawu achitsanzo ooneka mkati mwa bokosi, si label. Amasowa munthu akangoyamba kulemba, nthawi zambiri amakhala wotuwa wovuta kuona, ndipo wobwerera kudzaona fomu asanatumize sakumbukiranso kuti bokosi ili limafunsa chiyani.

Nambala ya foni ilembedwe `type="tel"`, osati `type="number"`. Nambala ya foni si kuchuluka kwa chinthu. Palibe amene amaiwonkhetsa ndi ina. Manambala athu amayamba ndi ziro, monga 088 kapena 099, ndipo kodi ikawatenga ngati chiwerengero, ziro wakutsogoloyo amatha kutayika. Bokosi la `number` limabweranso ndi timivi tokweza ndi kutsitsa, moti munthu akhoza kusintha nambala mosadziwa. Gulu loyang'anira kapangidwe ka masamba a GOV.UK ku Britain linasiya `type="number"` mu 2020 n'kuyamba kugwiritsa ntchito `type="text"` pamodzi ndi `inputmode="numeric"`, zimene zimatulutsabe kiyibodi ya manambala pafoni. Chitani zomwezo pa nambala ya akaunti kapena kodi yobwera pa SMS. Onjezani `autocomplete="name"`, `"tel"` ndi `"email"` kuti browser idzaze yokha; kwa munthu amene kulemba kumamupweteka manja, uwu ndi mpumulo waukulu.

Tsiku lobadwa musalifunse ndi kalendala yodina, yoti munthu abwerere mmbuyo mwezi umodziumodzi mpaka 1987. Mabokosi atatu olembamo, tsiku, mwezi ndi chaka, amakwana.

Munthu akalakwitsa, muuzeni ndi mawu pafupi ndi bokosilo, ndipo mawuwo muwamangirize ndi `aria-describedby`. Kufiiritsa bokosi kokha sikuthandiza wosaona, kapena amene sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira.

Chachisanu, radio, checkbox kapena select

Apa ndi pamene anthu amakonda kusankha potengera malo amene atsala pasikirini, m'malo motengera funso limene akufunsa.

Ngati yankho ndi limodzi lokha pa zosankha zochepa, gwiritsani ntchito radio, timabwalo timene munthu amadina kamodzi kokha mwa ito. Njira yolipirira pa fomu yathu ndi chitsanzo chabwino: Airtel Money, TNM Mpamba kapena banki. Zonse zitatu zikuonekera limodzi, munthu sayenera kutsegula kanthu kuti adziwe zimene zilipo. Zikulungeni mu `<fieldset>` ndipo funsolo likhale mu `<legend>`, kuti screen reader inene kuti "Mulipira bwanji" isanatchule zosankhazo. Zonse zikhale ndi `name` mmodzi. Dziwaninso kuti Tab imalowa m'gulu la radio kamodzi kokha, ndipo mkatimo munthu amayenda ndi makiyi a mivi. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira, musakonze.

Ngati mayankho akhoza kukhala angapo, monga masiku amene munthu angathe kubwera, ndi checkbox, timabokosi tochonga. Funso la inde kapena ayi, monga kuvomera malamulo a kosi, ndi checkbox imodzi, ndipo isakhale yochongedwa kale.

`<select>` ndi wa mndandanda wautali umene munthu akudziwa kale yankho lake. Maboma 28 a Malawi amakwanira bwino mmenemo. Mukhoza kuwagawa ndi `<optgroup>`: 6 a kumpoto, 9 a pakati, 13 a kummwera. Pakompyuta munthu amalemba zilembo zoyamba za dzina n'kufika pomwepo, ndipo pafoni pamatuluka mndandanda wa foniyo, waukulu, woyenera chala, umene TalkBack ndi VoiceOver, ma screen reader a Android ndi iPhone, zimaudziwa bwino. Ine ndimakana kusinthanitsa zimenezi ndi select yopangidwa ndi ma div chifukwa chongofuna makona ozungulira. Zambiri zoterezi zimasweka munthu akangosiya mausi. Ngati mndandanda ndi wautali kwambiri moti pakufunika kufufuza polemba, monga masukulu onse m'dziko muno, tengani chopangidwa kale chimene ena anachiyesa ndi ma screen reader, ndipo inunso muchiyese.

`<select multiple>` mupeweni. Anthu ambiri sadziwa kuti ayenera kugwira Ctrl posankha. Ma checkbox amachita ntchito yomweyo poyera. Ndipo select isasamutse munthu patsamba akangosintha chosankha. Woyenda ndi mivi akhoza kutengedwa asanafike pa boma lake. Ikani batani pambali loti adine akatsimikiza.

Siwichi yoyatsa ndi kuzimitsa ndi ya zinthu zimene zimasintha nthawi yomweyo, monga kuyatsa mauthenga. Mu fomu imene ili ndi batani lotumizira pamapeto, checkbox wamba ndi yomveka bwino.

Chachisanu ndi chimodzi, zotseguka ndi kutsekeka

Mafunso a pansi pa fomu, amene yankho limatuluka ukadina funso, safuna JavaScript. `<details>` ndi `<summary>` amachita zimenezo okha, amamva kiyibodi, ndipo amauza screen reader ngati ali otsegula kapena otseka.

Menyu ya pafoni ikhale `<button>` wokhala ndi `aria-expanded="false"`, amene kodi yanu imusinthe kukhala `"true"` menyu ikatseguka. Mkatimo mukhale mndandanda wa malinki mu `<nav>`. Musaike `role="menu"`. Dzinalo limakopa, koma linapangidwira mamenyu a mapulogalamu, onga File ndi Edit, ndipo mukaliika mwalonjeza kuti mivi, Home, End ndi Escape zonse zigwira ntchito ngati mu pulogalamu ya pakompyuta. Menyu yotseguka pokhapokha mausi itayandama pamwamba ndi yosathandiza pafoni ngakhale pa kiyibodi. `title` nayenso saoneka pa sikirini yogwira ndi chala, choncho musabisemo uthenga wofunika.

Bokosi lotulukira pamwamba, lofunsa kuti "Mukutsimikiza?", lipangeni ndi `<dialog>` ndipo mulitsegule ndi `showModal()`. Kuyambira mu 2022, Firefox ndi Safari atalowa nawo, ma browser onse akuluakulu amalidziwa. Limalowetsa focus, kutanthauza pamene kiyibodi yaima, mkati, limaletsa munthu kufika pa zimene zili kumbuyo, limatsekeka ndi Escape, ndipo likatsekeka focus imabwerera pa batani limene linalitsegula. Kale zonsezi tinkazilemba pamanja.

Ma tabu a mkati mwa tsamba, timitu tondandana timene ukadina timasintha gawo looneka pansi pake, alibe chinthu chawochawo mu HTML. Musanawapange, onani ngati mitu itatu yotsatizana singakwanire, kawirikawiri imakwanira. Ngati akufunikadi, tsatirani chitsanzo cha mu ARIA Authoring Practices Guide ya W3C, bungwe loika miyezo ya masamba a pa intaneti, mzere ndi mzere. Zithunzi zoyenda zokha pamwamba pa tsamba, ngati abwana aumirira, ziikeni batani loimitsira, chifukwa WCAG, miyezo ya W3C yoti olumala azitha kugwiritsa ntchito masamba, imafuna kuti chilichonse choyenda chokha kupitirira masekondi asanu chikhale ndi njira yochiimitsira. Ndipo chilichonse chofuna kukoka ndi chala, monga kusanja mndandanda, chikhalenso ndi mabatani okwezera ndi kutsitsira.

Mawu ochepa pa ARIA

Lamulo loyamba la W3C pa ARIA, kutanthauza `role` ndi mawu oyamba ndi `aria-` amene timawonjezera mu HTML, limati ngati HTML ili kale ndi chinthu chochita ntchitoyo, gwiritsani ntchito chimenecho. ARIA imangosintha zimene screen reader ikunena. Siisintha mmene chinthucho chimagwirira ntchito. `role="button"` amauza munthu kuti ili ndi batani, koma Enter ndi Space sizibwera nazo. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa bungwe la WebAIM, woona masamba oyamba a mawebusayiti miliyoni imodzi, wakhala akupeza kuti masamba okhala ndi ARIA amakhala ndi zolakwika zambiri kuposa opanda. ARIA ili ndi malo ake, monga `aria-expanded` ndi `aria-describedby` amene tawaona, koma ndi yowonjezera pa chinthu cholondola.

Chachisanu ndi chiwiri, kukula ndi kuoneka

WCAG 2.2, imene inatuluka mu Okutobala 2023, imafuna kuti chodina chikhale chosachepera mapikiselo 24 mulitali ndi 24 mulifupi, kapena chikhale ndi mpata wokwanira ndi chinzake. Amenewo ndi malire apansi chabe. Apple imalangiza 44, Android 48, ndipo ine ndimatsatira zimenezi pa chilichonse chodinidwa ndi chala. "Fufutani" asakhale mogundana ndi "Sungani".

Mawu a pabatani asiyane ndi mtundu wakumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5 kwa 1, ndipo m'mbali mwa mabokosi olembamo pa 3 kwa 1. Bokosi la mizere yotuwa pang'ono limaoneka bwino muofesi, koma padzuwa la masana pa foni yotchipa limasoweratu.

`outline: none` musamulembe popanda kuika china m'malo mwake. Mzere umenewo ndi umene umauza wa kiyibodi pamene ali. Ngati wojambula tsamba akudana nawo, gwiritsani ntchito `:focus-visible`, amene amauonetsa pa mabatani ndi malinki munthu akamayenda ndi kiyibodi. `tabindex` woposa ziro amasokoneza ndondomeko ya Tab. Ngati ndondomekoyo ili yolakwika, sinthani kasanjidwe ka HTML. Batani lotumizira musalizimitse ndi `disabled` podikira kuti fomu ikwane, chifukwa Tab imalidumpha ndipo munthu sauzidwa chimene chasowa. Lisiyeni lamoyo, akadina mumuuze malo amene sanadzaze.

Pomaliza, yesani

Ikani mausi kutali. Yendani tsamba lonse ndi Tab, bwererani ndi Shift ndi Tab, dzazani fomu, tsegulani menyu, tsekani bokosi ndi Escape. Paliponse pamene simukuona pamene muli, kapena pamene mwalowa n'kulephera kutuluka, lembani. Ngati muli pa Safari, yatsani kaye kuti Tab izifika pa malinki, kapena gwirani Option pamodzi ndi Tab, chifukwa mwachibadwa imawadumpha.

Kenako yatsani screen reader. NVDA ndi yaulere pa Windows. Inayambitsidwa mu 2006 ndi Michael Curran, ndipo iye ndi James Teh, onse osaona a ku Australia, anakhazikitsa bungwe la NV Access loisamalira. Pafoni ya Android, TalkBack ili mu Settings pansi pa Accessibility: kukhwekhwereza chala kumanja kumakupititsani pa chinthu chotsatira, kugogoda kawiri kumadina. Mvetserani zinthu zitatu pa chodina chilichonse: dzina lake, mtundu wake, ndi mmene chilili, kaya chotsegula, chochongedwa kapena chozimitsidwa. Kulitsaninso tsamba mpaka 200 peresenti muone ngati batani lina labisika.

Zida monga Lighthouse mu Chrome, axe ndi WAVE zimagwira batani lopanda dzina ndi mitundu yosaoneka, koma sizingakuuzeni kuti apa munafunika radio osati select. Zimenezo zimaoneka munthu amene amagwiritsa ntchito screen reader tsiku ndi tsiku akayesa fomu yanu pa foni yake. Mabungwe onga Malawi Union of the Blind ndi FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu olumala, ndi malo oyambira kufunsa anthu otero. Mupatseni ntchito imodzi yomveka, monga kulembetsa kosi ndi kusankha Mpamba, mulipireni nthawi yake, ndipo pamene akuyesa musamuuze podina; ingolembani pamene waima ndi zimene foni inanena pamenepo.